Mphaka wa mawanga a kambuku: mnansi wa alimi a ku Asia amene sanalole kuwetedwa

M'mudzi wakale wa Quanhucun, m'chigawo cha Shaanxi ku China, akatswiri ofukula zinthu zakale anapeza timafupa ta amphaka m'maenje otayamo zinyalala. Timafupato tinali ta zaka pafupifupi 5,300. Eni mudziwo anali alimi: ankalima mbewu za tinjere ting'onoting'ono za m'gulu la mawere, ankaweta nkhumba ndi agalu, ndipo makoswe ankawasowetsa mtendere. Umboni wa vutoli unapezeka pomwepo. Mitsuko yosungiramo mbewu inaumbidwa moti makoswe azivutika kulowamo, ndipo panali una wa kanyama kokumba pansi wolunjika m'dzenje losungiramo chakudya.

Atapima mafupawo, asayansi anaona kuti amphakawo ankadya nyama zimene zinkakhuta mbewu za m'mudzimo. Mbewu za m'gulu la mawere zimasiya chizindikiro chakechake cha kaboni m'thupi la chilichonse chozidya, ndipo chizindikirocho chimachoka kwa khoswe n'kupita kwa mphaka amene wadya khosweyo. Mphaka mmodzi anali ndi mano operepeseka ndi ukalamba, kusonyeza kuti anakhala moyo wautali pafupi ndi anthu. Wina mafupa ake anasonyeza kuti nyama ankadya yochepa, koma chakudya chochokera ku mbewu ndiye chambiri, ngati kuti ankatola zotsala pakhomo kapena ankachita kupatsidwa. Zotsatirazi zitatuluka kumapeto kwa 2013, ambiri anaganiza kuti apeza chiyambi cha amphaka oweta a ku China.

Mu 2016 gulu lotsogozedwa ndi Jean-Denis Vigne wa ku France linayeza mosamala maonekedwe a zibwano za amphaka akale a ku Shaanxi ndi Henan, n'kupeza kuti sanali makolo a chona amene timamudziwayu. Anali a mtundu wina wa kutchire, umene pa Chingerezi umatchedwa leopard cat, ndipo asayansi amautcha Prionailurus bengalensis. Mphaka ameneyu akadalipo mpaka lero, ndipo mwa amphaka ang'onoang'ono onse a kutchire ku Asia palibe wofalikira kumposa.

Maonekedwe ake ndi kumene amakhala

Ukamuona patali ukhoza kunena kuti ndi mphaka wa pakhomo, kungoti miyendo yake ndi yaitaliko ndipo mutu ndi waung'ono, wa mphuno yaifupi ndi makutu ozungulira. Thupi lonse ndi la mawanga akuda. Ena mawanga ake ndi madontho, ena ndi timikombero totseguka pakati, ndipo pamsana amalumikizana n'kupanga mizere iwiri mpaka inayi yotsika kuchokera kukhosi. Kumaso kuli mizere yakuda yochokera m'maso kupita kumutu ndi timizere toyera m'mbali mwa mphuno. Mimba ndi chifuwa n'zoyera, mchira ndi pafupifupi theka la kutalika kwa thupi ndi mutu. Chizindikiro chimene ofufuza amadalira kwambiri chili kuseri kwa makutu, komwe n'kwakuda koma pakati pali banga loyera. Mphaka wa pakhomo alibe banga limeneli, choncho munthu akatola mwana wa mphaka m'tchire ku Taiwan kapena ku Korea, poyamba amayang'ana kumeneko.

Mawangawo ndi amene anamutchukitsa ngati "kambuku", koma ubale wake ndi kambuku weniweni ndi wakutali kwambiri. Abale ake enieni ndi amphaka ena ang'onoang'ono a ku Asia: fishing cat wokhala m'madambo n'kumagwira nsomba, flat-headed cat wa ku Malaysia, Sumatra ndi Borneo, ndi rusty-spotted cat wa ku India ndi Sri Lanka amene ndi mmodzi mwa amphaka ochepetsetsa padziko lonse. Mzera wa banja limeneli unasiyana ndi wa mphaka woweta zaka pafupifupi 6 miliyoni zapitazo. Woyamba kumulemba m'mabuku a sayansi anali Robert Kerr wa ku Scotland mu 1792, potengera nyama ya ku Bengal, ndipo n'chifukwa chake dzina lake lili ndi mawu akuti bengalensis.

Dera lake ndi lalikulu modabwitsa. Amapezeka kuyambira kumpoto kwa Pakistan, kudutsa India, Nepal, Bangladesh, Myanmar, Thailand, Vietnam ndi Malaysia, kukwera ku China konse kum'mawa, Korea, mpaka ku chigwa cha mtsinje wa Amur ku Russia. Aliponso ku Taiwan, ku Hong Kong, ku Singapore ndi pa zilumba ziwiri za Japan. M'mapiri a Himalaya makamera odzijambula okha anamujambulapo pamalo okwera mamita oposa 3,000. Amapewa zipululu ndi zigwa zopanda mitengo, ndipo kumpoto sakonda malo amene chipale chofewa chimaunjikana kupitirira masentimita 10, chifukwa miyendo yake imatitimira ndipo mbewa zimabisala pansi pake.

Nyama yokhala m'dera lalikulu chotero singafanane paliponse. M'mayiko otentha amalemera pakati pa theka la kilogalamu ndi makilogalamu osakwana 4, ubweya wake ndi waufupi, wachikasu chofiirira, mawanga ooneka bwino. Ku Russia ndi kumpoto kwa China amafika makilogalamu 7, ubweya ndi wautali, wotuwa, mawanga ozimirira, ndipo amanenepa nyengo yozizira isanayambe n'kumaonda pang'onopang'ono mpaka chisanu chitatha. Thupi lalikulu limasunga kutentha bwino kuposa laling'ono, ndipo zimenezi zimaonekanso pa nyama zina zambiri zokhala kozizira. Kusiyanaku kunasokoneza akatswiri kwa zaka zambiri, moti anagawa mphakayu m'nthambi zoposa khumi, ndipo ena ku Russia ankati wa ku Amur ndi mtundu pawokha.

Kupima DNA ndiko kunathandiza kuthetsa mkanganowo. Mu 2017 gulu la akatswiri a amphaka la bungwe loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linasiya nthambi ziwiri zokha: bengalensis wa kumwera ndi euptilurus wa kumpoto, amene akuphatikizapo a ku Korea, Taiwan ndi Japan. Linachotsamonso amphaka a pa zilumba za Java, Bali, Borneo, Sumatra ndi zina za Philippines n'kuwapatsa dzina lawolawo, Prionailurus javanensis. Wa ku Amur, amene maonekedwe ake ndi osiyana kwambiri, anatsala m'banjamo, pamene wa ku Borneo, amene ndi maso sungamusiyanitse kwenikweni ndi wa ku Malaysia kumtunda, ndiye anapezeka kuti anapatuka kalekale.

Moyo wake

Amakhala yekha. Wamphongo ndi wamkazi amakumana pa nthawi yokwerana basi, ndipo nthawi zina zonse amangosiyirana uthenga: mkodzo pa zitsa, ndowe pamalo oonekera, kukanda makungwa ndi kukhuza mutu pa mitengo. Dera la wamphongo mmodzi limalowerera m'madera a akazi angapo. Kukula kwa deralo kumadalira chakudya. Ku Phu Khieo ku Thailand, Lon Grassman ndi anzake anaveka amphaka 20 makolala otumiza mauthenga pakati pa 1999 ndi 2003, ndipo anapeza kuti pa avareji mphaka mmodzi ankayenda m'dera la masikweya kilomita oposa 12. Ku Tabin ku Borneo, kumene nkhalango imagundana ndi minda ya kanjedza wa mafuta, abale ake a pa chilumbacho ankakhutira ndi masikweya kilomita awiri mpaka anayi.

Nthawi zambiri amasaka usiku ndi m'bandakucha, ngakhale kuti m'nkhalango zopanda phokoso la anthu amayendanso masana. Chakudya chake chachikulu ndi makoswe ndi mbewa. Pamwamba pa izi amagwira mbalame, abuluzi, achule, akalulu ang'onoang'ono, agologolo, ziwala ndi nsomba, ndipo mazira sawasiya. Amasaka mwa kunyang'ama ndi kubisalira, kenako n'kudumpha kamodzi n'kuluma pakhosi. Kukwera mitengo amakudziwa, ndipo amapumula m'nthambi kapena m'ziyangoyango, koma kusaka kwenikweni kumachitikira pansi. Madzi sawaopa. Pakati pa zala zake pali kachikopa kolumikiza, amasambira bwino, ndipo amakonda kukhala pafupi ndi mitsinje, madambo ndi minda ya mpunga.

Bere limatenga masiku 60 mpaka 70. Wamkazi amaswera m'mphako ya mtengo, m'ming'alu ya miyala kapena pansi pa mizu, kawirikawiri ana awiri kapena atatu, aliyense wolemera magalamu pakati pa 75 ndi 130. Maso amatseguka milungu iwiri isanathe, ndipo akakwanitsa mwezi amayamba kulawa nyama. Kumpoto amakwerana chisanu chikamatha, cha mu Malichi ndi Epulo, kuti ana abadwe kukufunda ndipo mbewa zachuluka. Kumwera kotentha amaswa nthawi iliyonse ya chaka. Osungidwa kumalo osungira nyama amafika zaka 13 kapena kuposerapo, koma kutchire ochepa okha amafika pamenepo.

Chimene chimamusiyanitsa ndi amphaka ena a m'nkhalango za Asia ndi kupirira kwake pamene anthu asintha malo. Nkhalango ikagwetsedwa n'kudzalapo kanjedza wa mafuta, nzimbe, tiyi kapena khofi, amphaka ambiri amasowa. Uyu amatsala, ndipo pena amachuluka, chifukwa minda yotere imaswetsa makoswe osaneneka. Eni minda ena amamuona ngati wantchito waulere. Koma tisapupulume kunena kuti mindayo ilibe vuto poti mphaka ali momwemo. Iye ndi mmodzi mwa ochepa amene amapulumuka, ndipo ngakhale iyeyo amafunabe kachitsamba kapena kankhalango koti abisale masana ndi kulereramo ana. Kumene alimi amathira mankhwala ophera makoswe, poizoni amathera m'mimba mwa amene wadya khosweyo.

N'chifukwa chiyani sanakhale chona?

Funso limeneli ndi limene mafupa a ku Quanhucun anadzutsa. Njira imene mphaka woweta anadzera ndi yodziwika: anthu anayamba kusunga mbewu, mbewu zinaitana makoswe, makoswe anaitana amphaka a kutchire, ndipo amphaka osaopa kwambiri anthu ndi amene ankadya bwino n'kuswana. Kholo la amphaka onse oweta padziko ndi Felis lybica, mphaka wa kutchire wa mu Africa ndi Middle East. Ndi mtundu womwewo wa vumbwe wathu, kungoti chona anachokera ku nthambi ya kumpoto kwa Africa ndi Middle East, osati ya kumwera kuno. Pa chilumba cha Cyprus anapeza manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa pafupi ndi mphaka, ndipo ku Egypt wakale amphaka anafika polemekezedwa ngati opatulika.

Ku China ulendo womwewo unayambika ndi mphaka wamawangayu, koma unathera panjira. Kafukufuku wa DNA ya mafupa akale amene asayansi a Peking University anatsogolera, wofalitsidwa mu 2025, anasonyeza kuti mphakayu anakhala m'midzi ya anthu kwa zaka pafupifupi 3,500, kuyambira zaka 5,400 zapitazo mpaka chakumapeto kwa ufumu wa Han, umene unagwa mu 220. Kenako mafupa ake akusowa m'malo okhala anthu. Mphaka woweta weniweni akuonekera patapita zaka mazana angapo, m'nthawi ya ufumu wa Tang, umene unalamulira kuyambira 618 mpaka 907, ndipo DNA yake ikuloza kumadzulo, kutanthauza kuti anabwera ndi amalonda a pa msewu wotchuka wa Silk Road, umene unkalumikiza China ndi mayiko a kumadzulo.

Zaka 3,500 ndi nthawi yaitali zedi. Nkhumba, nkhuku ndi agalu zinasintha thupi ndi khalidwe m'manja mwa anthu, koma mphakayu anatuluka m'midzimo ali wakutchire monga analowera. Zifukwa zimene akatswiri amapereka ndi zingapo. Kugwa kwa Han kunabweretsa nkhondo, njala ndi kuchepa kwa anthu, choncho nkhokwe zodzaza zimene zinkamukoka zinachepa. Chifukwa china, chimene kwa ine chikumveka champhamvu, ndi nkhuku. Anthu atayamba kuweta nkhuku zambiri ndi kuzitsekera m'makola, mlenje wa makoswe uja anasanduka mbala. Aliyense amene anadzukapo m'mawa n'kupeza nthenga zili mbwee pakhola vumbwe atadutsa usiku akudziwa mmene chifundo chimathera msanga. Mphaka wamawanga akalowa m'khola sasankha, ndipo mpaka lero m'madera ena a China ndi India amadziwika ngati wakuba nkhuku.

Palinso nkhani ya mtima wake. Vumbwe wa kumpoto kwa Africa, akaleredwa kuyambira ali kamwana, amatha kufatsa n'kuzolowera anthu. Mphaka wamawanga, ngakhale umuyamwitse ndi botolo, akakula nthawi zambiri amabwerera ku mantha ndi ukali: amabisala, amalusa, amakodzera paliponse posonyeza dera lake. Kuweta nyama kumafuna kuti mibadwo yambiri iswane pansi pa ulamuliro wa munthu, ofatsa akusankhidwa, olusa akusiyidwa. Alimi a ku China wakale sanafike pomusankhira mkazi kapena mwamuna. Ankabwera yekha, kudya makoswe, n'kubwerera kutchire kukaswana ndi anzake, choncho kufatsa kulikonse kumene kukanayamba kunkasungunukira m'gulu lalikulu la kutchirelo.

Mphaka wa Bengal

Zimene zinakanika m'midzi ya China, anthu a ku America anayesa kuzichita mwachidule. Mu 1963 Jean Mill anakweretsa mphaka wamawanga wamkazi ndi mphaka wakuda wa pakhomo, ndipo panabadwa mwana. M'zaka za m'ma 1970 dokotala Willard Centerwall wa pa Loma Linda University ku California anaswetsanso amphaka osakanizika otere pa chifukwa china. Mphaka wamawanga sagwidwa kawirikawiri ndi kachilombo koyambitsa khansa ya m'magazi mwa amphaka oweta, ndipo Centerwall ankafuna kudziwa ngati chitetezocho chingapatsiridwe kwa ana. Ena mwa amphaka akewo anathera m'manja mwa Mill, amene anapitiriza kuwakweretsa ndi amphaka oweta mpaka panatuluka mtundu umene lero umatchedwa Bengal. Bungwe la The International Cat Association linaulola kupikisana mokwanira pa ziwonetsero zake mu 1991.

Kusakaniza mitundu imene inasiyana zaka mamiliyoni kuli ndi mtengo wake. Ana amphongo a m'badwo woyamba amakhala osabereka, ndipo ambiri a m'badwo wachiwiri ndi wachitatu chimodzimodzi, choncho mzera umapitirira kudzera mwa akazi okha, amene amakweretsedwa ndi amphongo oweta. Pofika m'badwo wachinayi ndi pamene mphakayo amawerengedwa ngati woweta. M'badwo uliwonse magazi a kutchire amachepa ndi theka. Mu 2024 asayansi a Stanford University ndi anzawo, atapima DNA ya amphaka a Bengal ambirimbiri, anapeza kuti gawo lochokera kwa mphaka wa kutchire ndi losakwana 4 pa 100 alionse, ndipo zina mwa zimene ogula amazikonda, monga kunyezimira kwa ubweya, zinachokera kwa amphaka oweta omwe. Munthu amene walipira ndalama zambiri ku London kapena ku Johannesburg kuti akhale ndi "kakambuku" m'nyumba, kwenikweni wagula chona wovala malaya obwereka.

Mayiko ndi mizinda ina sakuwafuna n'komwe. Hawaii ndi mzinda wa New York amaletsa kusunga amphaka a Bengal, ndipo Australia inaletsa kuwalowetsa m'dzikomo mu 2025 poopera nyama zake zachilengedwe.

Zikopa

Mawanga omwewo anamuphetsa mochuluka. Pakati pa 1984 ndi 1989 dziko la China linkatumiza kunja zikopa zake pafupifupi 200,000 chaka chilichonse, ndipo kafukufuku wa mu 1989 anapeza zikopa zoposa 800,000 zitaunjikidwa m'nyumba zosungiramo katundu za amalonda akuluakulu. Mayiko a ku Ulaya a m'bungwe limene lero ndi European Union ataletsa kugula zikopazi mu 1988, msika unasamukira ku Japan, kumene mu 1989 kunalowa zikopa 50,000. Popeza kanyamaka ndi kakang'ono, chikhoti chimodzi chimadya zikopa zambiri. Lero malondawa ali pansi pa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera za kutchire: amphaka a ku Bangladesh, India ndi Thailand ali pa mndandanda woyamba, woletsa malonda a pakati pa mayiko, ndipo ena onse ali pa wachiwiri, wofuna chilolezo. M'misika ina ya kumwera chakum'mawa kwa Asia amagulitsidwabe ngati ndiwo kapena ngati chiweto, ndipo misampha ya waya yotcherera nyama zina imamukolanso.

Ochuluka pa mapu, otsala pang'ono pa zilumba

Pa mndandanda wa IUCN mphakayu ali m'gulu la nyama zosadetsa nkhawa kwenikweni. Poyang'ana Asia yense, zimenezo n'zoona. Koma chigamulo chimodzi cha dera lalikulu chotero chimaphimba malo amene mphakayu watsala pang'ono kutheratu.

Iriomote ndi chilumba cha masikweya kilomita pafupifupi 289 kumwera kwenikweni kwa Japan, kufupi ndi Taiwan kuposa ndi Tokyo. Anthu a pachilumbachi ankadziwa kalekale kuti m'nkhalango mwawo muli mphaka, ndipo nthawi zina ankakodwa m'misampha yotcherera nguluwe. Asayansi anamudziwa mu 1965, wolemba mabuku Yukio Togawa atapeza zikopa ndi zigaza, ndipo mu 1967 Yoshinori Imaizumi anamulemba ngati mtundu watsopano kotheratu, wotsalira wa amphaka akalekale. Nkhaniyo inagwedeza dziko, koma DNA inadzaonetsa kuti ndi mphaka wamawanga yemweyu, amene makolo ake anafika pachilumbachi zaka masauzande ambiri zapitazo n'kutsekeredwa ndi nyanja. Ubweya wake ndi wakuda kwambiri, mawanga osaoneka bwino, miyendo yaifupi.

Chochititsa chidwi n'chakuti anapulumuka bwanji. Chilumba chaching'ono chotero sichiyenera kukwanitsa kudyetsa nyama yodya zinzake, makamaka popeza poyamba panalibe makoswe kapena mbewa zachilengedwe. Makoswe akuda anabwera ndi anthu. Mphaka wa Iriomote anangofutukula mbale yake. Amadya abuluzi, njoka, achule, nkhanu, nsomba za m'mitsinje, mbalame za m'madzi, mileme yodya zipatso ndi tizilombo touluka, ndipo amalowa m'madzi ndi m'nkhalango za m'mphepete mwa nyanja mosazengereza. Alipo pafupifupi 100 okha. Boma la Japan linamuika m'gulu la chuma chachilengedwe chotetezedwa mwapadera mu 1977, ndipo mu 2021 chilumbachi chinalowa pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse.

Mdani wake wamkulu ndi msewu. Pachilumbachi pali msewu waukulu umodzi woyenda m'mphepete mwa nyanja, ndipo umadutsa ndendende m'zigwa zimene amphakawa amasakamo. Achule ndi nkhanu zikapondedwa ndi galimoto, mphaka amabwera kudzatola, nayenso n'kugundidwa. Akuluakulu anakumba tinjira toposa 100 todutsa pansi pa msewu, anaika zikwangwani, anatsitsa liwiro lololedwa kufika pa makilomita 40 pa ola, ndipo anthu ongodzipereka amayendera msewuwo usiku. Ngozi sizinathe. Kutchuka kwa chilumbachi kumabweretsa alendo ambiri, alendo amabwereka magalimoto, ndipo pa gulu la nyama 100, kutaya akazi awiri kapena atatu oyamwitsa m'chaka chimodzi ndi nkhani yaikulu.

Pa Tsushima, chilumba cha pakati pa Japan ndi Korea, chiwerengero ndi chofanana, pafupifupi 100. Kumeneko vuto lina linachokera kwa chona: mu 1996 mphaka wa kutchire anapezeka ndi kachilombo ka FIV, kofooketsa chitetezo cha m'thupi mwa amphaka, ndipo kupima kunasonyeza kuti anakatenga kwa amphaka oweta. Kuyambira pamenepo madokotala a ziweto akhala akupima, kupereka katemera ndi kufula amphaka a pakhomo pachilumbacho, ndipo malo osungira nyama a ku Fukuoka ndi mizinda ina amaswetsa amphaka a Tsushima ngati nkhokwe ya mtsogolo. Agwape ochuluka mopitirira muyeso nawonso amadya zomera za pansi m'nkhalango mpaka mbewa kusowa pobisala, mphaka n'kusowa chakudya.

Ku South Korea, kumene akambuku ndi amphaka aakulu a mizeremizere otchedwa tiger anatha m'zaka za m'ma 1900, uyu ndiye mphaka wa kutchire yekhayo wotsala, ndipo ndi wotetezedwa ndi lamulo. Ku Taiwan nakonso watsala yekha, ofufuza atalengeza mu 2013 kuti mphaka wina wa kutchire wokulirapo wa pachilumbacho, wotchedwa clouded leopard, sakupezekanso. Kumeneko amamutcha shihu, ndipo alipo mazana ochepa okha, makamaka m'maboma a Miaoli, Taichung ndi Nantou. Tsoka lake n'lakuti sakhala m'mapiri aatali otetezedwa. Amakhala m'zitunda zotsika, momwe muli minda ya zipatso, mpunga, manda, mafakitale ndi misewu, ndipo malo ambiri otere ndi a anthu wamba. Amagundidwa ndi magalimoto, amalumidwa ndi agalu oyendayenda, amatenga matenda kwa agalu ndi amphaka a pakhomo, ndipo mkangano wakale uja wa nkhuku ukadali pomwepo: mlimi wotopa ndi kuluza amatchera msampha kapena kuika poizoni.

Njira zimene zikuoneka kuti zikuthandiza ku Taiwan n'zosavuta kumva. Magulu oteteza zachilengedwe amapita kwa mlimi amene wadandaula n'kumuthandiza kumanga mpanda wa waya kuzungulira khola, wokwiriridwa pansi ndi wopindika pamwamba kuti mphaka asakumbe kapena kukwera. Kuyambira mu 2019 boma limapereka ndalama kwa alimi amene asiya mankhwala ophera makoswe ndi udzu m'minda yawo, kwa amene anena za mphaka wolowa m'khola m'malo momupha, komanso kwa amene kamera yajambula mphakayu m'munda mwawo. Ku Tongxiao m'boma la Miaoli, ndiponso ku Sago pa chilumba cha Tsushima, alimi ena amalima mpunga mochepetsa kapena mopanda mankhwala kuti achule, mbewa ndi mbalame zibwerere m'minda, kenako amaugulitsa pa mtengo wokwererapo m'matumba ojambulidwa nkhope ya mphakayo.